Phunzira kuwerenga nkhope ya chitsulo, mphwanga

Ndinali ndi zaka 12 tsiku limene atsibweni anga anandikweza pa thabwa. Iwo anali mmisiri wokhoma madenga, ndipo m'midzi ya pakati pa Nsaru ndi Kasiya nyumba ikafika pa bimu, eni ake ankatuma mwana kukawaitana. Tsikulo anatenga thabwa la paini, lija amisiri amati 2 by 6, n'kulisanjika pa milu iwiri ya njerwa, wina uku wina uko. "Kwera pakatipo, mphwanga." Ndinakwera. Thabwa linawerama, n'kumagwedera pansi pa mapazi anga ngati katungwe. Nditatsika analitembenuza, analiimika ndi m'mbali mwake, n'kulipana ndi njerwa kuti lisagwe. "Kweranso." Ndinakwera, ndinapondaponda, ndinalumpha. Thabwa lili nji, ngati ndaponda pa mwala.

"Ndi lomwe lija," anatero atsibweni. "Sindinawonjezepo kanthu."

Iwo sanapite patali ndi sukulu. Chimene anandionetsacho anachidziwa ndi manja, atachiona kwa amene anawaphunzitsa ntchito. Patapita zaka zambiri m'pamene ndinadzamva kuti chinthucho chili ndi dzina ndiponso nambala, ndipo nambala yake ndi 9. Thabwa la mamilimita 50 ndi 150 ukaliimika limakana kupindika kuwirikiza ka 9 poyerekeza ndi pamene uligoneka, ndipo katundu amene lingasenze lisanathyoke amachuluka katatu. Mtengo ndi womwewo, ndalama yogulira ndi yomweyo. Chasintha ndi kakhalidwe ka nkhope yake basi.

Nkhope ndikunenayi ndi imene umaiona ukadula chinthu chopingasa. Dula nzimbe, uona bwalo lodzaza. Dula nsungwi, uona mphete yokhala ndi dzenje pakati. Dula thabwa, uona ngodya zinayi. Mainjiniya amati cross-section. Mtanda uliwonse wa denga, mwendo uliwonse wa thanki ya madzi, chitsulo chilichonse cha mlatho, mphamvu yake imawerengedwa kuyambira pa nkhope imeneyi. Ndikufuna iwe mnyamata wa ku Kabudula, ndi iwe mlongo wanga wa ku Nambuma, uphunzire kuiwerenga, poyamba ndi pensulo kenako ndi kompyuta.

Masamu ake si oopsa monga anakuopsezera. Pa nkhope ya ngodya zinayi, tenga mulifupi, uchulukitse ndi msinkhu, uchulukitsenso ndi msinkhu, uchulukitsenso kachitatu ndi msinkhu womwewo, ugawe ndi 12. Thabwa la atsibweni litaimikidwa, mulifupi ndi 50, msinkhu ndi 150, yankho ndi 14,062,500. Litagonekedwa, mulifupi ndi 150, msinkhu ndi 50, yankho ndi 1,562,500. Gawa yoyambayo ndi yachiwiriyo, upeza 9. Nambala imeneyi mabuku amaitcha second moment of area, ena amati moment of inertia, ndipo amailemba ndi chilembo cha I. Ikakula, chinthu chimauma, sichiwerama wamba. Taona mmene msinkhu ukulowera katatu m'masamumo pamene mulifupi ukulowa kamodzi kokha. Chinsinsi chonse cha atsibweni chagona pamenepo.

Chifukwa chake n'chakuti mtanda ukasenza katundu, pamwamba pake pamapanikizika, pansi pake pamakokeka, ndipo pakati penipeni pali mzere umene sumva chilichonse. Nyama ya thabwa imene ili pafupi ndi mzerewo sigwira ntchito kwenikweni. Imene imavutika ndi katundu ndi ya kutali, ya m'mphepete. Ndiye wanzeru amachotsa zipangizo pakati n'kuzikankhira kunja. Nsungwi inalengedwa motero, n'chifukwa chake imapepuka koma osathyoka msanga. Felemu ya njinga ya kabaza, imene imasenza munthu wamkulu ndi thumba la chimanga pamsewu wa mabampu, ndi mapaipi opanda kanthu m'kati. Lata ukaliwongola kukhala lathyathyathya limapindika ndi dzanja limodzi, koma ndi mizere yake ija munthu amayendapo pokhoma denga. Ukadzafika pa njanji yochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, yang'ana chitsulo chake: chonenepa pamwamba, chotambalala pansi, chowonda pakati. Palibe mwa zimenezi chinachitika mwangozi.

Tiyese ndi manambala, chifukwa pakamwa pokha sipamanga nyumba. Chitsulo chobulungira chodzaza, cha mamilimita 20, chili ndi I ya pafupifupi 7,850. Paipi ya mamilimita 50 yokhala ndi khoma la mamilimita 2 imadya chitsulo chocheperako pang'ono, koma I yake ndi pafupifupi 87,000. Kulemera kuli pafupifupi kofanana, koma paipiyo ikukana kupindika kuwirikiza ka 11. Munthu amene akudziwa zimenezi amamanga cholimba ndi ndalama zochepa. Amene sakudziwa amangowonjezera zitsulo mwamantha, kapena kuchepetsa mongoganizira, ndipo zonse ziwirizi zimaluza mwini ntchito.

Ndikulankhula ndi iwe wa ku Kasiya makamaka, chifukwa dothi limene ukupondalo lasintha dzina la kwanu. Mu 2019 kampani ya ku Australia yotchedwa Sovereign Metals inapeza miyala ya rutile m'dera lino. Itakumba ndi kuyeza, inalengeza kuti pali dothi lokwana matani 1.8 biliyoni limene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 ndi rutile, ndipo kuti malo ano ndi amene ali ndi rutile wachilengedwe wochuluka kuposa ena onse odziwika pa dziko lapansi. M'dothi lomwelo mulinso graphite, uja amalemba m'pensulo ndi kulowa m'mabatire. Mu 2023 kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula masheya m'kampaniyo. Rutile ndiye amapangira titanium, chitsulo chopepuka koma cholimba cha ndege, ndiponso utoto woyera wa penti. Ndipo pali china chimene owotcherera athu ambiri sanauzidwe: ufa uja wokuta marodi a 6013, amene amathetheka tsiku ndi tsiku pa Nsaru ndi pa Namitete, mbali yake yaikulu ndi rutile. Mnyamata wowotcherera geni pa msika wa Kasiya wagwira m'manja mtundu womwewo wa mwala umene uli pansi pa munda wa agogo ake.

Za malo, za chipukuta misozi, za madzi ndi minda, mafumu ndi anthu awo ayenera kuzikambirana mosabisa, ndipo ndi nkhani yaikulu payokha. Yanga ndi iyi. Mgodi uliwonse ndi mulu wa zitsulo: mashedi, nsanja, malamba onyamula dothi, mathanki, mapaipi, milatho. Chitsulo chilichonse pamenepo wina amayamba wachijambula, n'kuwerengera nkhope yake, n'kusaina kuti chipirira. Ntchito yonyamula ndi kukumba idzapezeka, ndipo si yonyozeka. Koma ndikumva kuwawa ndikaganiza kuti pa zaka 25 zimene kampaniyo ikuti gawo loyamba la mgodi lidzatenga, mwana wa kuno azidzangolandira pepala lojambulidwa kale ku Perth kapena ku Johannesburg, osatha ngakhale kufunsa chifukwa chake chitsulo ichi n'chachikulu kuposa icho. Ndikufuna pa tebulo lojambulira padzakhale wina wodziwa kumene mtsinje wa Bua umasefukira. Ndipo mgodi utachedwa kapena utalephereka, lusoli silikuthawa. Zigafa za fodya, ngolo, nsanja za sola, madenga a matchalitchi ndi a masukulu, zonsezi zikudikira munthu wowerengera.

Tsono kompyuta ikulowa pati? Nkhope ya ngodya zinayi ndi ya bwalo n'zosavuta pa pepala. Koma pita kwa wowotcherera uone zimene amagwiritsadi ntchito: angle iron, chitsulo chopindidwa ngati chilembo cha C chogonekapo malata, ma angle iron awiri owotchereredwa pamodzi, paipi yomatidwa fulati pansi pake. Pa zoterezi masamu a pamanja amatalika, ndipo kulakwitsa n'kosavuta. Mapulogalamu ojambulira, amene amatchedwa CAD, amachita ntchitoyi m'kuphethira kwa diso. Mu AutoCAD, imene kampani ya Autodesk inatulutsa koyamba mu 1982, umajambula nkhopeyo ndi mizere yotsekeka bwino, osasiya kampata. Umalemba lamulo la REGION kuti mizereyo isanduke chinthu chimodzi chodzaza. Ngati ndi paipi, umajambula kunja ndi m'kati, n'kuchotsa dzenjelo ndi SUBTRACT. Kenako umalemba MASSPROP, n'kusankha chojambulacho. Pomwepo pamatuluka kukula kwa nkhopeyo, utali wozungulira m'mphepete mwake, malo a centroid, ma moment of inertia, ndi radius of gyration. Mu SolidWorks chida chake chimatchedwa Section Properties. Zimene atsibweni ankazimva m'mapazi mwanga zimaoneka pa sikirini, ndi manambala oti ungawalembe pa koteshoni n'kuwateteza pamaso pa aliyense.

Centroid ndi pamtima pa nkhope, pamene ungaike nsonga ya msomali chinthucho n'kukhazikika osapendekeka. Pa thabwa pali pakati penipeni. Pa angle iron ya 50 ndi 50 ndi 5, mtimawo uli pa mamilimita 14 kuchokera ku msana uliwonse, pamene chitsulocho n'chochindikala mamilimita 5 okha. Ndiye kuti mtima wa chitsulocho uli panja pa chitsulo, m'malere. Tsiku limene ndinaona zimenezi koyamba ndinakhala chete nthawi yaitali. Ndipo kompyuta imakuuzanso china chimene diso silingaone. Angle iron imeneyi ili ndi mbali yofooka, yodutsa chopendekera, imene I yake sifika ndi theka lomwe la I ya mbali zoongoka. Ukaiimika ngati mwendo wa nsanja, ikadzafuna kupindika idzapindikira kumeneko.

Koma ndikuchenjeze, chifukwa ndakuona ukuthamangira kukhulupirira sikirini. Kompyuta imayankha funso limene waifunsa, ngakhale litakhala lolakwika. MASSPROP imayamba yakupatsa ma moment of inertia oyezedwa kuchokera pa 0,0 pa chojambula chako, osati kuchokera pa centroid. Ngati unajambulira nkhopeyo kutali ndi 0,0, nambala idzatuluka yaikulu mochititsa kaso, ndipo udzayesa kachitsulo kako ndi chimphona. Sunthira 0,0 pa centroid n'kufunsanso, kapena werenga m'munsi pamene palembedwa principal moments za pa centroid. Msampha wachiwiri ndi miyeso. Pulogalamu siidziwa ngati 50 wako ndi mamilimita kapena masentimita, ndipo pa nambala ya I kusiyana kwa mm⁴ ndi cm⁴ ndi kuwirikiza ka 10,000. Wachitatu ndi kuiwala kuchotsa dzenje, paipi n'kuwerengedwa ngati chitsulo chodzaza. N'chifukwa chake ndikuti pensulo iyambe. Usanakhulupirire pulogalamu iliyonse, jambulamo thabwa la 50 ndi 150 uone ngati ikupatse 14,062,500. Ikakupatsa ina, cholakwika chili kwa iwe, chifunefune mpaka uchipeze.

Palinso chimene kompyuta singakuyezere. Chaka china ndinaima pansi pa nsanja ya thanki imene miyendo yake inali itayamba kupotoka, madzi asanathe ndi mwezi womwe ali pamwamba. Wowotcherera anali waluso, mizere yake yoyera ngati yosokedwa ndi makina. Analumbira kuti anagula square tube ya 40 ndi 40 monga anauzidwa, ndipo sananame. Titadula kachidutswa n'kuyeza khoma lake, linali mamilimita 1.2 m'malo mwa 2. Kunja n'chimodzimodzi, penti n'chimodzimodzi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Werengera wekha: ya khoma la 2 ili ndi I ya pafupifupi 73,400, ya khoma la 1.2 ili ndi 46,800. Gawo loposa limodzi mwa magawo atatu lapita, ndipo palibe amene analiona likupita. Pamwamba pake panali thanki ya malita 5,000, amene ndi matani 5, chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Pansi pa nsanja zotere m'pamene amayi amatunga madzi, ana akusewera pambali. Ukamapita ku hadiweya, tenga chida choyezera kuchindikala kwa chitsulo, uyeze wekha. Mu kompyuta lowetsa chimene wayeza ndi dzanja lako.

Utali nawo uli ndi lamulo lake louma. Leonhard Euler anaonetsa mu 1744 kuti mzati wowonda ukautalikitsa kawiri, katundu amene ungasenze usanapindike amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chifukwa chake zitsulo zopingasa zija pa nsanja si zokongoletsera. Zimadula mwendo wautali kukhala timiyendo tifupitifupi. Mtanda wa denga nawo ukautalikitsa kawiri, katundu pa mita iliyonse ali yemweyo, kuwerama kwake pakati kumawirikiza ka 16. Madenga a matchalitchi ndi maholo amene umawaona atalowa msana ngati ng'ombe yokalamba, ambiri anafera pamenepa: mmisiri anatenga muyeso wa thabwa umene unamuyendera bwino pa nyumba yogona n'kuupititsa pa chipinda chotambalala kawiri.

Mwina ukuti izi ndi za anthu obadwa ndi mitu ina. Tamvera. Galileo, munthu amene dziko lonse limamutchula pa nzeru, analemba za kuthyoka kwa mitanda m'buku lake la mu 1638, ali mkaidi m'nyumba mwake ndipo maso akuchita khungu. Anazindikira kuti msinkhu wa mtanda ndi wofunika kuposa mulifupi, koma mzere uja wosamva kanthu anauika pansi pa mtanda m'malo mwa pakati, ndipo nambala yake inaphonya. Panatenga zaka pafupifupi 200 kuti Navier wa ku France, mu 1826, aziyale bwinobwino monga tikuziphunzirira lero. Chimene chinasautsa akatswiri mibadwo ingapo, iwe ungachimvetse m'sabata imodzi ngati uli ndi masamu a Fomu 4 ndi mtima wosagonja. Ndipo pafupi pompano, ku Wimbe m'boma la Kasungu, William Kamkwamba anali ndi zaka 14, atasiya sukulu chifukwa cha fizi, pamene anamanga makina a mphepo opanga magetsi pogwiritsa ntchito zithunzi za m'buku la mulaibulale, zitsulo zotola ndi mitengo ya bulugama. Chingerezi cha m'bukumo sankachimva chonse. Ankawerenga zojambula.

Ndikudziwa zimene zikukutchinga. Laputopu ndi yodula, magetsi kwanu kulibe kapena amazimazima, bandulo imatha usanamalize kuonera phunziro limodzi, ndipo laisensi ya AutoCAD si ya thumba la mlimi wa fodya. Sindikuchepetsa chilichonse mwa izi. Koma FreeCAD ndi LibreCAD ndi mapulogalamu aulere, oti ukawaika kamodzi amagwira ntchito popanda intaneti, ndipo luso lojambula limene ungaphunzire mmenemo umapita nalo pa pulogalamu ina iliyonse. Autodesk nayo imalola ophunzira a m'masukulu ovomerezeka kugwiritsa ntchito mapulogalamu ake osalipira. Laputopu imodzi yakale ikhoza kuphunzitsa anthu asanu ngati agwirizana zosinthana. Ndipo masamu onse amene ndakuonetsa pano amatheka pa kakyuleta ya pa foni ya mabatani.

Sukulu nazo zilipo, ndipo zina si zakutali. Namitete Technical College ili m'dera lathu lomwe lino. Lilongwe Technical College ili mu mzinda. TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, imatenga achinyamata kupita m'makoleji a ntchito zamanja, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera. Amene masamu ndi physics zawayendera bwino pa MSCE ayang'ane ku MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic, ku MUST ku Thyolo, kapena ku Bunda kumene LUANAR imaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi. Ukalowa kulikonse mwa malo amenewa, usakakhale wa kumbuyo m'kalasi ya zojambula. Kafunse mpaka mphunzitsi akudziwe dzina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mlongo wanga, mawu awa ndi akonso, ndipo ndikuwanena motsindika. Ukusenza ndowa ya malita 20 pamutu kuyambira uli wamng'ono, ndipo thupi lako likudziwa kale kuti khosi likapendekeka pang'ono katundu amalemera kawiri. Palibe chilichonse mu MASSPROP chimene chimafuna ndevu. Akakuuza kuti zitsulo ndi za amuna, afunse akuuze I ya paipi imene agwirayo.

Inunso amisiri akuluakulu, madala athu a sowo ndi hamala, musaone ngati anawa akubwera kudzakulandani ntchito. Mwana wodziwa kompyuta koma sanagwirepo thabwa sadziwa kuti paini wosauma amapotoka, kuti mfundo ikakhala kumunsi kwa mtanda ndiye pothyokera, kuti chiswe chimadya m'kati n'kusiya khungu. Zimenezo zili m'manja mwanu. Muitaneni mwanayo pa ntchito, mumukweze pa thabwa monga anandikwezera atsibweni, ndipo iye akuwerengereni chimene mwakhala mukuchidziwa zaka zonsezi. Pa denga lalikulu la tchalitchi kapena nsanja yaitali, nonse awiri mukafune injiniya wovomerezeka aone mapulaniwo, chifukwa pansi pake padzakhala miyoyo ya anthu.

Tsono mphwanga, usadikire mgodi, usadikire laputopu. Mawa m'mawa pita kwa wowotcherera wa pa msika wanu, umupemphe tizidutswa timene amataya: ka square tube, ka paipi, ka angle iron. Yeza kunja, yeza khoma, jambula nkhope ya kalikonse m'kope lako, uwerengere I yake ndi pensulo. Tsiku limene udzakhale pa kompyuta koyamba, udzatsegule kope limenelo pambali pako, ndipo chojambula chako choyamba chidzakhale thabwa la 50 ndi 150.